MAYI KHADIJA (RA): MAYI WATHU AMENE SADAIONE IDI



Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, mwezi waoneka ndipo swaumu yatha. Lero tavala zoyera, mpunga uli pamoto m'makomo mwathu, ana akuthamangathamanga kuonetsana nsapato zatsopano. Ife a komiti ya mzikiti tidagwirizana kuti m'kabuku ka chaka chino tisangolemba za malata ndi simenti ayi, koma tikumbukireko munthu mmodzi. Tasankha Mayi Khadija bint Khuwaylid (RA), mkazi woyamba wa Mtumiki Muhammad (SAW), mayi wake wa Fatima, agogo awo a Hasan ndi Husain. Dzina lawo nlosasowa kuno kwathu. Pafupifupi mtundu uliwonse uli ndi Hadija kapena Adija wake, ngakhale ena mwa eni dzinawo sadziwa bwino kuti adawatchula yani.

Chimene chidatigwira mtima pokonza nkhaniyi ndi ichi: mayi amenewa sadaione Idi ngakhale imodzi. Kusala mwezi wa Ramadhani kudalamulidwa ku Madina m'chaka chachiwiri cha Hijra, m'chaka cha 624, iwo atagona m'manda zaka pafupifupi zisanu. Adhana sadaimve. Swala zisanu zidalamulidwa iwo atapita kale. Chisilamu chimene iwo adachiona chidali cha misozi, cha njala ndi chitonzo. Ife tikudya za m'munda umene iwo adaulima uli tsala.

Mabuku ambiri a mbiri amati adabadwira ku Makka cha m'ma 555, zaka 15 chisanafike Chaka cha Njovu chimene adabadwa Mtumiki (SAW). Bambo awo adali Khuwaylid ibn Asad, a fuko la Quraish, nthambi ya Banu Asad, ndipo mayi awo adali Fatima bint Zaida. Adakwatiwapo kawiri, kwa Abu Hala ndi kwa Atiq, natsala amasiye ndi ana m'manja. M'nthawi ya umbuli imeneyo, pamene ena amakwirira ana aakazi ali amoyo, anthu a ku Makka amawatchula mayiwa kuti At-Tahira, kutanthauza woyera.

Umasiye sudawakhazike pansi. Adali ndi chuma ndipo amachiyendetsa okha. Amalemba amuna kuti atenge katundu wawo pa ngamira kukagulitsa kutali, pobwerako nkugawana nawo phindu monga mwa pangano. Apa tinene pang'ono. Alipo ena pakati pathu amene amayang'ana ndi diso lonyoza mayi wogulitsa usipa, mandasi kapena kaunjika pamsika, ati mkazi wachisilamu geni njachiyani. Asanalankhule ayambe adzifunsa kuti chakudya cha m'nyumba ya Mtumiki (SAW) kwa zaka zoposa makumi awiri chimachokera kuti.

Geni yomweyo ndiyo idawakumanitsa ndi Muhammad, mnyamata wamasiye wa zaka 25 amene mzinda wonse umamutchula Al-Amin, wokhulupirika. Cha m'ma 595 adamutuma ku Sham ndi katundu wawo, limodzi ndi wantchito wawo Maisara. Phindu lidabwera loposa masiku onse, koma chimene mayiwa adatchera khutu kwambiri ndi zimene Maisara adasimba za khalidwe la mnyamatayo panjira. Akuluakulu a chuma a Chiquraish adali atawafunsirapo, iwo nkukana. Ulendo uno adayamba okha. Adatuma mnzawo Nafisa kukamufunsa maganizo, ndipo zinthu zidayenda mwa dongosolo lake: Abu Talib, bambo ake aakulu a Muhammad, adayankhula mbali ya kuchimuna, Amr ibn Asad, mbale wa bambo awo a Khadija, adaimira kuchikazi, mahari nkukhala ngamira zazing'ono 20. Mabuku ambiri amati mayiwa adali ndi zaka 40. Adakhala m'banja zaka pafupifupi 25, ndipo nthawi yonseyo Mtumiki (SAW) sadakwatire mkazi wina.

Nyumba yawo idali yodzaza, ngati nyumba za agogo athu zija zimene sudziwa kuti mwana wa mwini nyumba ndi uti, wobwera ndi uti. Mudali Hind, mwana wawo wamwamuna wa kwa Abu Hala. Mudali Zaid ibn Haritha, kapolo amene adapatsidwa ndi Hakim ibn Hizam, mwana wa mchimwene wawo. Iwo adampereka kwa amuna awo, amuna awo nkumumasula ndi kumulera ngati wobala yekha. Kutagwa njala ku Makka, mudalowanso Ali, mwana wa Abu Talib, pofuna kupepuza bambo ake amene adali ndi ana ambiri koma chuma chochepa. Ngakhale Halima, mayi wa kumudzi amene adayamwitsa Mtumiki (SAW) ali khanda, atabwera kudzadandaula za chilala, Mayi Khadija sadamubweze chimanjamanja. Adampatsa nkhosa 40 ndi ngamira yoti akwere.

Kwa Mtumiki (SAW) adabereka ana asanu ndi mmodzi: Qasim, Zainab, Ruqayya, Ummu Kulthum, Fatima ndi Abdullah. Ana onse a Mtumiki (SAW) ngawo, kupatula Ibrahim yekha amene adabadwa ku Madina kwa Maria. Anyamata awiri aja, Qasim ndi Abdullah, adamwalira ali aang'ono. Amayi amene mudaikapo mwana m'manda mukudziwa nokha, ife sitingakuuzeni. Ndiye onjezanipo kuti adani amaseka poyera, kumati munthu wopanda mwana wamwamuna dzina lake lathera pomwepo.

Atayandikira zaka 40, Muhammad adayamba kukonda kukhala payekha. Amakwera phiri lomwe lero limatchedwa Jabal an-Nur nakabindikira m'phanga la Hira masiku angapo. Mkazi wina akadayamba kufunsa kuti kodi kuphiriko kuli chiyani. Mayi Khadija amangomukonzera kamba, kakatha abwere adzatenge kena. Ndipo m'mwezi wa Ramadhani, m'chaka cha 610, mngelo Jibril adamufikira m'phangamo ndi ndime zoyamba za Qur'an. Adatsika phiri akunjenjemera, nafika kunyumba akupempha kuti amufunditse. Adamufunditsa osafunsa kanthu kufikira mantha atatsika. Atafotokoza zimene adaona, nanena kuti akuopera moyo wake, mayiwa sadalire, sadathamangire kwa alauli. Adamulumbirira kuti Mulungu sangamuchititse manyazi, ndipo adamuwerengera zifukwa chimodzichimodzi: kuti amalumikiza chibale, amasenza mtolo wa ofooka, amapatsa osowa, amalandira alendo, ndiponso amathandiza anthu akagwa m'mavuto.

Taonani mmene adaganizira. Mngelo sadamuone, ndipo Qur'an idali isanakwane ngakhale tsamba limodzi. Umboni umene adali nawo ndi zaka 15 zokhala ndi munthuyo nyumba imodzi. Mkazi ndiye amadziwa mwamuna wake akakwiya, akatopa, ndalama zikasowa. Pamsika ndi pamzikiti tonse timaoneka abwino. Ife abambo a m'komiti muno tidayang'anana titafika pamenepa, poganiza kuti akazi athu atafunsidwa lero angawerenge zotani.

Sadalekere pa mawu okha. Adamutenga kupita naye kwa mlongo wawo Waraqa ibn Nawfal, mwana wa mbale wa bambo awo, nkhalamba yosaona imene idalowa Chikhristu ndipo imadziwa mabuku akale. Waraqa atamva, adati ameneyo ndi mngelo yemwe uja adadza kwa Musa (AS), nachenjezanso kuti tsiku lina anthu ake adzamupirikitsa mumzindamo. Choncho Mayi Khadija adalowa Chisilamu atamva kale mtengo wake. Iwo ndiwo munthu woyamba kukhulupirira, asanatero mwamuna aliyense, ndipo ndiwo oyamba kuima kumbuyo kwa Mtumiki (SAW) pa swala. Wamalonda wina wotchedwa Afif al-Kindi adasimba kuti adaona anthu atatu okha akupemphera pa Kaaba mwa njira yachilendo, bambo, mayi ndi kamnyamata. Umma wonse umene lero wadzaza mabwalo a Idi udali pamenepo.

Mavuto sadachedwe, ndipo adalowera ku ana. Ruqayya ndi Ummu Kulthum adali atamangitsidwa ukwati ndi ana a Abu Lahab, koma iye adalamula ana akewo kuti awasiye pofuna kumupweteka Mtumiki (SAW). Ruqayya adakwatiwa ndi Uthman ibn Affan, ndipo m'chaka cha 615 awiriwa adathawira ku Habasha, dziko la Ethiopia, kuno ku Africa. Mayi adatsazika mwana wawo wopita kutsidya la nyanja, kopanda kalata, kopanda lamya.

Kenaka kudadza chachikulu. Akuluakulu a Chiquraish adalemba chikalata nachipachika m'kati mwa Kaaba, chakuti pasapezeke wogulitsa kanthu kwa Banu Hashim ndi Banu Muttalib, wogula kwa iwo, kapena wokwatirana nawo, kufikira atampereka Muhammad. Mabanja amenewa adakadzikundika m'chigwa chopapatiza cha Abu Talib kwa zaka pafupifupi zitatu. Kumbukirani kuti Mayi Khadija adali a Banu Asad. Kwawo kudalipo, abale olemera adali nawo, zaka zidali zitapitirira 60. Palibe akadawadzudzula akadati akapumuleko kwa abale awo mpaka zinthu zitazizira. Koma adalowa m'chigwamo. Anthu adafika podya masamba a mitengo, ndipo kulira kwa ana anjala kumamveka kunja kwa chigwa. Chuma chija chidathera pamenepo. Tsiku lina Hakim ibn Hizam, amene nthawiyo adali asanalowe Chisilamu, adanyamula tirigu kupita naye kwa azakhali akewo. Abu Jahl adamutsekereza panjira, mpaka padabuka ndewu Abul Bakhtari atalowererapo kuti munthu asaletsedwe kupatsa chakudya azakhali ake. Pomaliza anthu ena a mtima wabwino adaukira chikalatacho, ndipo pokachitsitsa adapeza chiswe chitadya zonse kusiya dzina la Mulungu lokha.

Adatuluka m'chigwamo thupi litatheratu. Adamwalira m'mwezi wa Ramadhani, m'chaka chakhumi cha utumiki, cha m'ma 619, zaka zitatu isanachitike Hijra, ali ndi zaka 65. Adaikidwa ku manda a Hajun, ndipo Mtumiki (SAW) adatsikira yekha m'dzenje kukawagoneka. Swala ya janaza idali isanakhazikitsidwe. Chaka chomwecho adamwaliranso Abu Talib, nchifukwa chake chimatchedwa Chaka cha Chisoni. Fatima adali akadali mtsikana wamng'ono.

Malipiro awo adauzidwa ali moyo. M'buku la Imam Bukhari muli nkhani yakuti tsiku lina akubwera ndi mbale ya chakudya, Jibril adauza Mtumiki (SAW) kuti awapatse salaamu yochokera kwa Mbuye wawo ndi kwa iye mwini, ndipo awauze za nyumba ya ngale ku Janna, yopanda phokoso ndi yopanda kutopa. Mayi amene adalera nyumba yodzaza ana, namva phokoso la adani zaka khumi, adalonjezedwa mpumulo ndi bata. Mtumiki (SAW) adawatchulanso pamodzi ndi Mariam, Asiya mkazi wa Firiauni, ndi mwana wawo Fatima, kuti ndiwo akazi opambana.

Ku Madina sadawaiwale. Akapha nkhosa amapatula nthuli nkutumiza kwa anzawo a Khadija, zaka zitapita. Hala, m'bale wawo wa malemuwo, atabwera kudzaodira pakhomo, Mtumiki (SAW) adadzidzimuka chifukwa kaodiridwe kake kadali ngati ka Khadija. Mayi Aisha (RA) adavomera okha kuti sadachitirepo nsanje mkazi wina monga adachitira ndi mayi amene sadakhale nawo n'komwe pa mitala. Ife tikamwalira mayi m'mudzi, pakangotha masiku makumi anayi anzake a malemu sitiwadziwanso, ndipo nthawi zina ana amasiye timawalanda ndi mbale zomwe.

Ramadhani yoyamba kusalidwa, ya 624 ija, ndi yomwenso mudachitika nkhondo ya Badr pa 17. Asilamu adapambana, koma uthenga wa chipambano umafika ku Madina anthu akuchokera koika Ruqayya. Pakati pa akaidi padali Abul As, mwana wa Hala, amenenso adali mwamuna wa Zainab. Zainab adali akadali ku Makka, ndipo pofuna kuombola mwamuna wake adatumiza chuma, m'kati mwake muli mkanda umene mayi ake adamuveka popita ku ukwati. Mtumiki (SAW) atauona adauzindikira, chisoni nkumugwira kwambiri. Adapempha Maswahaba kuti ngati angalole amumasule mkaidiyo ndi kubweza mkandawo kwa mwini wake, ndipo onse adalola. Umu ndi mmene Mayi Khadija adapezekera m'nyengo ya Idi yoyamba ya Asilamu.

Adzukulu awo ambiri adabadwa iwo kulibe. Hasan adabadwa mu 625, Husain mu 626, kenaka Zainab ndi Ummu Kulthum, onse a Fatima ndi Ali, kamnyamata kaja adakalera okha m'nyumba. Umama, mwana wa Zainab, ndi uja Mtumiki (SAW) amamunyamula pa phewa ali pa swala, akamagwetsa nkhope pansi nkumukhazika, akamadzuka nkumunyamulanso. Hasan atakula adapita kwa malume ake Hind, mwana uja wa kwa Abu Hala, kukafunsa za maonekedwe a Mtumiki (SAW), ndipo zimene Hind adafotokoza zidasungidwa m'buku la Shamail la Imam Tirmidhi. Mbumba yonse ya Mtumiki (SAW) imene ilipo lero padziko idadzera mwa Fatima, ndiye kuti mwa Khadija.

M'chaka cha 630, m'mwezi wa Ramadhani womwewo, Mtumiki (SAW) adabwerera ku Makka ndi anthu 10,000, mzinda uja adamupirikitsa monga adanenera Waraqa. Adalamula kuti mbendera yake ikazikidwe ku Hajun, dera limene adagona mayiwa. Mandawo alipo mpaka lero, amatchedwa Jannatul Mualla, ndipo ali kumpoto kwa Msikiti Wopatulika, mtunda woti munthu nkuyenda wapansi. Abale amene Allah adzakupatseni mwayi wa Hajj kapena Umra, mukafunse njira yake, mukawaperekere salaamu ya ife otsala kuno.