Chico Mendes: wokolola mphira amene mabwana a ng'ombe adamuopa

Ngati mudadutsapo msewu wa kunyanja chakufupi ndi Nkhata Bay, mudaona mitengo yoima m'mizere ndi anyamata akugulitsa mipira ya mphira m'mbali mwa msewu. Mtengo umenewo kwawo n'ku Amazon, nkhalango yaikulu ya ku South America. M'nkhalango imeneyo ndi momwe mudabadwira Chico Mendes, wokolola mphira wa ku Brazil amene adaomberedwa pakhomo la nyumba yake mu 1988, ali ndi zaka 44.

Masiku ano nkhani ya kusintha kwa nyengo timaimvera kwa anthu a masuti m'misonkhano ya kunja. Chico adaiyambira pansi penipeni. M'Chichewa mawu akuti mtengo amatanthauza chomera cha m'nkhalango komanso ndalama imene umagulitsira katundu wako. Mkuluyu adamenyera mitengo iwiri yonseyo, ndipo n'chifukwa chake adamupha.

Mwana wa m'ngongole

Dzina lake lonse lidali Francisco Alves Mendes Filho. Adabadwa pa 15 Disembala 1944 pafupi ndi katauni ka Xapuri, m'chigawo cha Acre, kumalire a Brazil ndi Bolivia. Pofika zaka 9 adali atayamba kale kutsatira bambo ake kuntchito.

Ntchito yake inkayenda chonchi: umadzuka kusanache, nyali ili pamutu, n'kulowa m'kanjira kodutsa pa mitengo yoposa 100 yomera yokha m'nkhalango. Mtengo uliwonse umaucheka pang'ono pakhungwa n'kuika kachikho. Ukamaliza umabwereranso kudzatenga utomoni woyera ngati mkaka, kenako n'kuufukiza pa utsi mpaka uumbike chimpira chachikulu. Mtengowo suufa, mawa ndi mkuja ukupatsanso.

Koma ndalama siinkafika m'thumba. Mphira yonse unkaigulitsa kwa bwana mwini dera, ndipo mchere, sopo, mafuta a nyali ndi zipolopolo unkazitenga pa ngongole m'sitolo ya bwana yemweyo. Sikelo njake, buku la ngongole ndi lakenso. Pakutha pa chaka umauzidwa kuti ukadali ndi ngongole. Amene makolo awo adakhalapo matenanti m'maesiteti a fodya akudziwa fungo la nkhani imeneyi. Mabwanawo sankalola sukulu m'madera awo, chifukwa munthu wodziwa kuwerengetsa savuta kuzindikira kuti akuberedwa.

Chico adafika zaka 18 asakudziwa kuwerenga. Adamuphunzitsa ndi Euclides Távora, yemwe kale adali msilikali, wotsatira chikomyunizimu, amene ankabisala m'nkhalangomo pothawa boma. Mabuku padalibe, ankagwiritsa ntchito nyuzipepala zakale. Usiku ankatchera wailesi za kunja: ya ku Moscow, Voice of America ndi BBC, n'kumafanizira momwe iliyonse ikuikambira nkhani imodzimodziyo. Mnyamatayo adaphunzira zilembo pamodzi ndi kufunsa kuti wolankhulayu akupindula chiyani. Luso limeneli, abale, likufunikabe pa WhatsApp lero.

Kubwera kwa ng'ombe

Mukamatsata ndale za kunja pa foni mumamva za kumanzere ndi kumanja. Mwachidule, a kumanzere amafuna malo ndi chuma zigawidwe mokomera ogwira ntchito ndi osauka, pomwe a kumanja amaikira kumbuyo eni chuma ndi msika. Ndiye pali a kumanja onyanyira, okonda ulamuliro wa nkhonya, amene amaona mabungwe a antchito ndi mitundu ya anthu ochepa mphamvu ngati zopinga zofunika kuchotsa.

Mu 1964 asilikali a maganizo otere adalanda boma ku Brazil, ndipo adalamulira mpaka 1985. Iwo ankaiona Amazon ngati tchire lopanda anthu lofunika kutsegula. Adalambula misewu, n'kupereka ngongole zofewa kwa anthu olemera a kummwera kuti akatsegule mafamu a ng'ombe. M'zaka za m'ma 1970 mabwana a mphira ku Acre adayamba kugulitsa madera awo, anthu ali momwemo. Ogulawo sankafuna mphira, ankafuna msipu. Adabwera ndi macheka a injini, moto ndi zigawenga zaganyu. Mabanja ambiri adathamangitsidwa, ena n'kukathera m'zisakasa za mumzinda wa Rio Branco, ena n'kuwolokera ku Bolivia.

Apa mpamene mabungwe a antchito adayambira, mothandizidwa ndi miphakati ya Mpingo wa Katolika. Mu 1975 bungwe lidakhazikitsidwa m'tauni ya Brasiléia, mlembi wake Chico, ndipo Wilson Pinheiro adadzakhala mtsogoleri wake. Mu 1977 Chico adathandiza kukhazikitsa lina kwawo ku Xapuri, ndipo adakhalanso khansala wa kumeneko.

Chida chawo chachikulu ankachitcha empate. M'Chipwitikizi mawuwa amagwiritsidwanso ntchito pa mpira, matimu akalepherana. Akamva kuti kwinakwake akugwetsa nkhalango, uthenga unkayenda pakamwa ndi pamapazi, poti mafoni kudalibe. Anthu ankayenda mtunda wautali, abambo, amayi ndi ana, n'kukaima pakati pa macheka ndi mitengo. Ankalankhula ndi odulawo, omwe nawonso adali amphawi ongolembedwa ganyu, kuwafunsa kuti nkhalango ikatha onse adya chiyani. Apolisi akabwera ndi mfuti, khamulo linkaimba nyimbo ya fuko. Empate yoyamba idachitika mu 1976. Mwa kuwerengera kwa Chico mwini, adachita zotere maulendo pafupifupi 45, n'kupambana 15 okha. Maulendo enawo ankamenyedwa, kumangidwa, mitengo n'kugwa ndithu. Koma ankabwereranso.

Mu Julayi 1980 Wilson Pinheiro adaomberedwa mu ofesi ya bungwe lake. Mwaukali, okolola mphira ena adapha kapitawo wa famu amene ankamuganizira. Boma lidagwira anthu ambiri n'kuwazunza, ndipo Chico adazengedwa mlandu m'khoti la asilikali pamodzi ndi mtsogoleri wa antchito a m'mafakitale, Luiz Inácio Lula da Silva, yemwe pambuyo pake adadzakhala pulezidenti. Mu 1984 khoti lidawapeza osalakwa. Chico adaona kuti kubwezera magazi kudangopatsa adani awo chifukwa chowaphwanyira, ndipo adakakamira njira yopanda zida mpaka imfa yake.

Adathandiza kukhazikitsa chipani cha antchito cha PT ku Acre, koma pa mavoti sizinkamuyendera: adapikisanapo pa mpando wa nyumba ya malamulo ya chigawocho n'kugwa. Mphamvu zake zidali kwina. Iye ndi anzake, kuphatikizapo katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Mary Allegretti, adatsegula masukulu m'nkhalango momwe, kuti okolola mphira adziwe kuwerenga sikelo ndi kulemba okha buku la malonda.

Ganizo limene lidasintha zinthu

Kutsekereza macheka kokha sikukadakwanira. Ukamakana chinthu, anthu amakufunsa kuti nanga iwe ukufuna chiyani. Yankho lidatuluka mu Okutobala 1985, pamene okolola mphira ochokera m'zigawo zosiyanasiyana adakumana koyamba mu likulu la dzikolo, Brasília, n'kukhazikitsa khonsolo yawo.

Ganizo lawo lidali loti boma lipatule nkhalango zina zikhale za boma, koma anthu okhalamo apatsidwe ufulu wokhalamo ndi kukololamo mphira, mtedza wa m'mitengo, zipatso ndi mankhwala. Palibe wogawiridwa puloti yoti mawa akagulitse kwa bwana wa ng'ombe, komanso palibe wothamangitsidwa ngati momwe zimakhalira malo akasanduka paki. Nzeruyi adaitengera pa malo otetezedwa a eni nthaka a ku Amazon, anthu amene kale ankamenyana ndi okolola mphira. Chico adalimbikira kuti magulu awiriwa agwirizane, poti chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Chaka chomwecho eni mafamu akuluakulu adakhazikitsa bungwe lawo, UDR, lolimbana ndi kugawa malo kwa osauka. Ndalama ankasonkha pogulitsa ng'ombe pa okushoni. M'madera a kumidzi atsogoleri a alimi, ansembe ndi maloya ankaphedwa kawirikawiri, milandu yake osapita patali.

Nthawi imeneyi n'kuti dziko lapansi likuyamba kudzidzimuka. Zithunzi za masetilaiti zinkaonetsa moto wochuluka ku Amazon. Nkhalango imasunga kaboni m'mitengo ndi m'nthaka. Ukaiotcha, kaboniyo amakwera kumwamba ngati mpweya umene umasunga kutentha, ndipo mitengo imene ikadamwa mpweyawo imakhala yapita. Mabungwe a zachilengedwe a ku America ndi ku Ulaya adazindikira kuti m'nkhalangomo muli anthu amene akuiteteza kale ndi matupi awo.

Mu Malichi 1987 Chico adakwera ndege kupita ku Miami, ku msonkhano wa banki ya Inter-American Development Bank, imene inkapereka ngongole yoikira tala msewu wa BR-364 wolowera ku Acre. Adafotokoza kuti kulikonse kumene msewuwo wadutsa popanda chitetezo, nkhalango yatha ndipo anthu athamangitsidwa. Bankiyo idaimitsa kaye ndalamazo. Chaka chomwecho bungwe la United Nations lidamupatsa mphoto ya Global 500. Kunja ankamuombera m'manja, kwawo andale ndi eni mafamu ankamunena kuti ndi mdani wa chitukuko.

Usiku wa pa 22 Disembala

Mu 1988 mwini ng'ombe wina, Darly Alves da Silva, adagula dera la Cachoeira, komwe Chico adali ndi abale, n'cholinga choligwetsa. Anthu adachita empate, ndipo pamapeto pake boma lidatenga deralo n'kulisiya m'manja mwa okolola mphira. Chico adatulukiranso kuti Darly ankafunidwa pa mlandu wakupha m'chigawo cha Paraná, ndipo adakapereka chikalata chomumangira kupolisi. Sadamangidwe.

Chico adalembera akuluakulu a boma kuti moyo wake uli pachiswe, mayina a omuopseza adawatchula. Adamupatsa apolisi awiri omulondera. Madzulo a pa 22 Disembala, sabata imodzi chikwanitsireni zaka 44, adasewera nawo domino pa tebulo la kukhitchini. Kenako adatenga thaulo kuti akasambe kuseri kwa nyumba. Atangotsegula chitseko chakumbuyo, mfuti idalira kuchokera mumdima. Adafera m'nyumbamo, mkazi wake ndi ana ali pomwepo.

Opha ankayesa kuti zithera ku Xapuri, monga zidathera za ena. Koma nkhaniyo idamveka dziko lonse lapansi. Mu Disembala 1990 khoti lidagamula Darly ndi mwana wake Darci, amene adaomba mfutiyo, kuti akakhale kundende zaka 19 aliyense. Mu 1993 adathawa, n'kudzagwidwanso mu 1996. Mu 1990 momwemo boma lidakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya dzina la Chico Mendes, ya mahekitala oposa 900,000, motsatira ganizo lija la ku Brasília. Mu 2007 nthambi ya boma yoyang'anira malo otetezedwa idatchedwanso dzina lake. Marina Silva, mwana wa okolola mphira amene ankayenda naye m'ma empate, adakhala nduna ya zachilengedwe mu 2003, n'kubwereranso pa mpandowo mu 2023.

Nkhondo yake sidathe

Pakati pa zaka zimenezo, a kumanja onyanyira adabwereranso, ulendo uno kudzera pa voti. Jair Bolsonaro, kaputeni wakale wa asilikali amene amatamanda poyera ulamuliro wa 1964 uja, adalamulira kuyambira 2019 mpaka 2022. Adalonjeza kuti sapatulanso malo ena a eni nthaka, ndipo nthambi zoteteza nkhalango zidafooketsedwa. Nduna yake ya zachilengedwe, Ricardo Salles, idanena pa kanema kuti Chico Mendes ndi munthu wopanda ntchito pa nkhanizi. Mu 2021 mokha Amazon ya ku Brazil idataya nkhalango yokwana masikweya kilomita pafupifupi 13,000, kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi a Malawi yense. Boma litasintha, pofika 2024 chiwerengerocho chidatsika kupitirira theka. Voti imagwetsa mitengo, voti imaimitsanso macheka.

Chowawa china nachi. M'nkhalango ya dzina la Chico momwemo lero muli ng'ombe, zina zoweta ana ndi zidzukulu za okolola mphira. Mphira idatsika mtengo, ng'ombe ndiyo imagulika msanga mwana akadwala. Izi zikungotsimikiza zomwe mkuluyu ankalimbikira: nkhalango imaima pokhapokha ikamadyetsa okhalamo. Ndi funso lomwelo limene timalizemba kuno tikamalanda matumba a makala pa rodibuloko, osafunsa kuti wootchayo adya chiyani ndipo wogula m'tauni aphikira chiyani magetsi akazima.

Mpweya sudziwa malire a mayiko. Asayansi akuti dziko likamatentha, anamondwe amabwera ndi mvula yamphamvu kuposa kale, ndipo amene adaona zomwe Freddy adachita ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa zambiri. Mu Novembala 2025 mayiko adakumana pa msonkhano wa zanyengo wa COP30 mumzinda wa Belém, ku Amazon komweko, patatha zaka pafupifupi 37 chiphedwereni Chico.

Ife tili ndi mafoni, iye adalibe. Uthenga umene anzake ankayenda nawo masiku m'nkhalango, ife timautumiza pa bandulo ya maola ochepa. Koma empate sidalipo popanda anthu odziwana mayina, okumana m'kalasi yausiku, osonkherana kangachepe ka bungwe, ndi ofika pamalo m'mawa wa tsikulo. Kwanuko, komiti yoyang'anira nkhalango ya m'mudzi kapena ya chitukuko m'dera ikakumana, achinyamata amakhalapo angati? Chico adayambira pa mpando wa mlembi, wolemba mayina a obwera ku msonkhano.