Gary Gygax

Ernest Gary Gygax (27 Julaye 1938 – 4 Malichi 2008) anali wolemba komanso wopanga masewera wa ku America. Iye pamodzi ndi Dave Arneson ndiwo anapanga Dungeons & Dragons, masewera omwe anatuluka mu 1974. Njira yake yogawira osewera ntchito zosiyanasiyana ndi imene masewera ambiri a pa intaneti amatsatira mpaka lero.

Ubwana ndi ntchito zoyamba

Gygax anabadwira mumzinda wa Chicago. Bambo ake anachokera ku Switzerland. Mu 1946 banja lawo linasamukira ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin. Anagwira ntchito pa kampani ya inshuwalansi, ndipo nthawi yopuma ankakonda masewera a nkhondo oseweredwa patebulo ndi tizidole ta asilikali. Mu 1968 anakonza msonkhano wa osewera wotchedwa Gen Con, womwe ukuchitikabe. Ntchito ya inshuwalansi itamuthera mu 1970, anayamba kusoka nsapato kuti adyetse banja lake. Mu 1971 iye ndi Jeff Perren anatulutsa malamulo a masewera otchedwa Chainmail.

Dungeons & Dragons

Arneson anatengako zina mu Chainmail n'kupanga masewera omwe wosewera aliyense amayendetsa mtengambali mmodzi m'malo mwa gulu lonse la nkhondo. Atamuonetsa Gygax mu 1972, awiriwa anayamba kulemba malamulo ake. Mu 1973 Gygax ndi mnzake Don Kaye anakhazikitsa kampani ya Tactical Studies Rules, yomwe inadzadziwika kuti TSR, ndipo poyamba anasindikiza makope 1,000.

M'masewerawa wosewera amasankha ntchito ya mtengambali wake, imene pa Chingerezi amati class. Poyamba zinalipo zitatu: wankhondo, wamatsenga ndi wansembe. Mu 1975 buku la Greyhawk linawonjezera wakuba. Ntchito iliyonse inali ndi mphamvu komanso chofooka chake. Wankhondo ankavala zida zodzitetezera koma analibe matsenga. Wamatsenga ankayamba ali wofooka zedi, wosachedwa kufa, koma akapulumuka nthawi yaitali ankaposa anzake. Wansembe ankachiritsa ovulala. Motero panalibe woti n'kupambana yekha.

Kuphatikiza ntchito

Vuto linali lakuti ngati mtengambali mmodzi atha kumenya nkhondo, kuchita matsenga ndi kuchiritsa, ndiye kuti anzake alibenso ntchito. Mu Players Handbook ya 1978, Gygax analola kuphatikiza ntchito koma anaikapo mtengo wake. Mitundu yongopeka monga ma elf ndi ma dwarf inkatha kutenga ntchito ziwiri, ina mpaka zitatu, nthawi imodzi. Komabe mapointi omwe ankapeza ankagawidwa pakati pa ntchitozo, choncho ankakwera mochedwa, ndipo pa ntchito zambiri ankakhala ndi malire oti sangapitirire. Munthu wamba analibe malirewo, koma akafuna ntchito yachiwiri ankayenera kusiyiratu kukwera pa yoyamba ija. Osewera ambiri sanakonde malire amenewa, ndipo malamulo atsopano a mu 2000 anawachotsa.

Kuchoka ku TSR

Kaye anamwalira mu 1975. Mu 1979 Arneson anasumira TSR pa nkhani ya malipiro, ndipo mlanduwo unatha mu 1981 mbali ziwirizi zitagwirizana. Kampaniyo itakumana ndi mavuto a zachuma, ulamuliro unapita kwa Lorraine Williams, ndipo kenako Gygax anachoka. Anapitiriza kupanga masewera ena monga Dangerous Journeys mu 1992 ndi Lejendary Adventure mu 1999, koma palibe amene anatchuka ngati oyamba aja.

Masewera a pa intaneti

Neverwinter Nights, masewera a anthu ambiri omwe anayamba pa America Online mu 1991, ankatsatira malamulo a Dungeons & Dragons. EverQuest ya mu 1999 ndi World of Warcraft ya mu 2004 zinatenganso njira yogawa ntchito: wina amatchinga adani, wina amachiritsa, ena amamenya. Opanga masewerawa amakumana ndi funso lomwe lija la Gygax, ndipo amaliyankha mosiyana. World of Warcraft salola kuphatikiza ntchito. Mu Final Fantasy XI wosewera amakhala ndi ntchito yachiwiri, koma mlingo wake umakhala wotsika kuposa wa ntchito yaikulu. Dungeons & Dragons Online ya mu 2006 imalola ntchito mpaka zitatu, ndipo m'gawo lina la masewerawa mumamveka mawu a Gygax mwiniwake akufotokoza nkhani.

Banja ndi imfa

Gygax anakwatira kawiri ndipo anali ndi ana asanu ndi mmodzi. Mu 2004 anadwala sitiroko, koma sanasiye kusewera ndi anzake kunyumba kwake. Anamwalira ku Lake Geneva ali ndi zaka 69. Ana ake anayambitsa msonkhano wa Gary Con, womwe umachitika mumzindawo pomukumbukira.