Jimi Hendrix ndi chimbale chobweza ngongole

Pa 15 October 1965, mnyamata wa zaka 22 adasayina pepala la mgwirizano mumzinda wa New York m'dziko la America. Pepalalo lidati kwa zaka zitatu azijambula nyimbo pansi pa kampani ya PPX ya mkulu wina wotchedwa Ed Chalpin, ndipo malipiro ake adali dola imodzi ndi lonjezo la gawo limodzi mwa magawo 100 aliwonse a phindu. Mnyamatayo adali Jimi Hendrix. Nthawi imeneyo adali woliza gitala waganyu, wosadziwika, yemwe masiku ena ankapinyolitsa gitala yake kuti apeze chakudya ndi pogona.

Patatha zaka zinayi, Hendrix adali mmodzi mwa oimba olipidwa ndalama zambiri padziko lonse, koma pepala lija lidali likumulondolabe. Kuti amasuke, adayenera kupereka chimbale chathunthu cha nyimbo zatsopano. Chimbale chobwezera ngongolecho, chotchedwa Band of Gypsys, ndicho chidamubwezera ku nyimbo za anthu akuda zomwe zidamulera, ndipo chidakhala chimbale chake chathunthu chomaliza kutuluka iye ali moyo.

Hendrix adabadwa pa 27 November 1942 mumzinda wa Seattle. Bambo ake, Al Hendrix, adali kuusilikali panthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo mayi ake, Lucille, adali ndi zaka 17 zokha. Mwanayo adapatsidwa dzina loti Johnny Allen, koma bambo ake atabwerako adalisintha mu 1946 kukhala James Marshall. Banjalo lidali losauka, ndipo mowa ndi mikangano zidaligwedeza kufikira lidatha mu 1951. Mayi ake adamwalira mu February 1958 iye ali ndi zaka 15.

Omwe adamudziwa ali mwana ankakumbukira mnyamata wamanyazi woyenda ndi tsache lomwe ankalinyamula ngati gitala. Chaka chomwe mayi ake adamwalira ndicho adapeza gitala yake yoyamba, yogulidwa pamtengo wa madola asanu. Popeza adali wamanzere, ankatembenuza gitala n'kusintha kamangidwe ka nsambo zake. Adadziphunzitsa yekha pomvetsera nyimbo za akatswiri a blues monga Muddy Waters ndi B.B. King, ndipo moyo wake wonse sadaphunzire kuwerenga manotsi a nyimbo.

Mu 1961 apolisi adamugwira kawiri ali m'galimoto zobedwa, ndipo adauzidwa kuti asankhe pakati pa ndende ndi usilikali. Adasankha usilikali, natumizidwa ku Fort Campbell m'chigawo cha Kentucky, ku gulu la asilikali odumpha m'ndege. Ntchitoyo sidamuyanje moti adachotsedwa mu 1962, koma kumeneko adapezako bwenzi lapamtima. Billy Cox, msilikali mnzake woliza besi gitala, tsiku lina akudutsa adamva kulira kwa gitala kwachilendo, nalowa kuti aone yemwe ankaliza. Ubwenzi wawo udayambira pomwepo.

Atachoka kuusilikali, awiriwa adayamba kuimba m'chigawo cha Tennessee. Nthawi imeneyo kumwera kwa America tsankho lidali lokhazikika m'malamulo, ndipo munthu wakuda sankaloledwa m'mahotela ndi m'malo ambiri achisangalalo a azungu. Oimba akuda adali ndi mabala, maholo ndi nyumba zawozawo za zisudzo zomwe ankazizungulira. Malo amenewa ankatchedwa Chitlin' Circuit, dzina lochokera ku ndiwo ya matumbo a nkhumba yomwe idali yofala pakati pa akuda a kumwerako.

Imeneyi ndiyo idali sukulu ya Hendrix. Kumeneko adaphunzira chamba cha rhythm and blues, nyimbo zovina za akuda a m'mizinda, komanso cha soul, chomwe chidatenga kaimbidwe ka m'tchalitchi n'kukaika m'nyimbo zachikondi ndi zamavuto a tsiku ndi tsiku. M'magulu otere ntchito ya woliza gitala idali yosunga kugunda kwa nyimbo kuti anthu avine ndi kumusiyira mpata mwini nyimbo. Kwa Curtis Mayfield adatengako kalizidwe kofewa kokometsera, ndipo kwa anzake a m'mabala adaonera luso loliza gitala ndi mano kapena ataiika kumsana.

Mu January 1964 adasamukira ku Harlem, dera la anthu akuda mumzinda wa New York, ndipo mwezi wotsatira adapambana mpikisano wa oimba ongoyamba kumene ku Apollo Theater. Chaka chomwecho adalowa gulu la Isley Brothers, kenaka la Little Richard. Paliponse sankakhalitsa. Eni magulu ankafuna munthu wovala yunifolomu, woima kumbuyo ndi woliza zomwe wauzidwa, pomwe iye ankafuna kuliza zakezake. Atachotsedwa m'gulu la Little Richard mu 1965, adayamba kuimba ndi Curtis Knight, ndipo kudzera mwa ameneyu ndi momwe adakumanirana ndi Chalpin ndi pepala lake lija.

Mwayi udamupeza mu 1966 akuimba pa kamalo kena kotchedwa Cafe Wha? mumzinda womwewo. Chas Chandler, yemwe adali woliza besi gitala m'gulu la ku Britain la The Animals, adamuona namutengera ku London, komwe adafika pa 24 September. Kumeneko adamupezera anyamata awiri achizungu, Noel Redding pa besi gitala ndi Mitch Mitchell pang'oma, ndipo gululo lidatchedwa The Jimi Hendrix Experience. Nyimbo za Hey Joe ndi Purple Haze zidatchuka mofulumira, ndipo akatakwe a gitala a ku Britain adayamba kukhamukira komwe ankaimba kuti akadzionere okha.

Kwawo ku America adamudziwa mu June 1967 pa chikondwerero cha nyimbo cha Monterey, pomwe adamaliza kuimba poyatsa moto gitala yake. M'chaka chimodzi ndi theka gululo lidatulutsa zimbale zitatu: Are You Experienced, Axis: Bold as Love ndi Electric Ladyland. Chachitatuchi, chomwe chidatuluka mu October 1968, chidafika pa nambala 1 pamndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America.

Kutchukako kudali ndi chowawa chake. Ambiri mwa omwe ankadzaza maholo ake adali azungu, ndipo wayilesi zambiri zoulutsa nyimbo za akuda sizinkaika nyimbo zake poziona ngati rock ya azungu. Zimenezi zinkachitika m'zaka zomwe America idali pa moto. Martin Luther King adaphedwa mu April 1968, zipolowe zidabuka m'mizinda yambiri, ndipo anyamata ankafa kunkhondo ya ku Vietnam. Ena mwa omenyera ufulu wa akuda ankamukakamiza kuti aonetse poyera mbali yomwe adali. Mu September 1969 adakaimba pamsewu wina ku Harlem, dera lomwe adavutikiramo zaka zisanu m'mbuyomo, koma adalandiridwa mozizira.

Pofika nthawi imeneyo gulu la Experience lidali litatha. Redding adachoka mu June 1969, ndipo Hendrix adaitana mnzake wakale Billy Cox. Ndi iyeyu adaimba pa chikondwerero cha Woodstock mu August, pomwe adaliza nyimbo ya fuko la America mosakaniza ndi phokoso longa la mabomba. Nawo mlandu wa Chalpin udali pakhosi. Mkuluyu ataona kuti waganyu uja watchuka, adayamba kugulitsa nyimbo zakale zomwe Hendrix adalizamo gitala pansi pa Curtis Knight, ndipo adakasuma kubwalo la milandu. Mu 1968 mbali ziwirizi zidagwirizana kuti Hendrix apereke chimbale chimodzi cha nyimbo zatsopano kuti chigulitsidwe ku America kudzera ku kampani ya Capitol. Chaka cha 1969 chidali kutha chimbalecho chisadaoneke.

Njira yachidule idali yojambula nyimbo pabwalo pamaso pa anthu. Pang'oma Hendrix adatenga Buddy Miles, yemwe adaimbapo ndi katswiri wa soul Wilson Pickett. Kwa nthawi yoyamba chitchukireni, adali kutsogolera gulu la anthu akuda okhaokha, onse atatu osulidwa ndi rhythm and blues. Adaimba maulendo anayi m'holo ya Fillmore East ku New York, awiri usiku wa pa 31 December 1969 ndi awiri pa 1 January 1970. Nyimbo zisanu ndi imodzi zomwe zili m'chimbalecho zidatengedwa pa tsiku lachiwirili, ndipo ziwiri mwa izo adapeka ndi Miles.

Kusiyana kwake ndi zimbale zakale kumamveka nyimbo yoyamba, Who Knows, ikangoyamba. Mitchell ankaomba ng'oma momwazika monga amachitira a jazz, pomwe Miles ankagunda molemera ndi mosasunthika. Cox ankabwereza kachidutswa kamodzimodzi ka besi kufikira kakhazikike m'thupi la womvera. Amenewa ndiwo maziko a funk, chamba chomwe James Brown adali kuchikuza m'zaka zomwezo, momwe ng'oma ndi besi ndizo zimatsogolera. Pamwamba pa mazikowo Hendrix adaikapo gitala ya rock yaukali, ndipo iye ndi Miles ankalandizana mawu monga mtsogoleri ndi kwaya m'tchalitchi. Zoyatsa gitala ndi zodzionetsera zina adazichepetsa, naika mtima pa kuliza.

Mtima wa chimbalechi ndi Machine Gun, nyimbo yopitirira mphindi 12. Asadayambe, Hendrix adaipereka kwa omwe ankamenyana m'mizinda ya ku America ndi kwa asilikali a ku Vietnam, kusonyeza kuti kwa iye nkhondo ya kutali ndi ya m'misewu ya kwawo zidali chinthu chimodzi. Ng'oma za Miles zimalira ngati mfuti yolavula zipolopolo, ndipo gitala, mothandizidwa ndi tizipangizo toponda ndi phazi tosintha kamvekedwe, imatsanzira kuphulika kwa mabomba ndi kubuula kwa anthu. Munthu yemwe adavalapo yunifolomu ya usilikali adayankha motero omwe ankati alibe mbali. Akatswiri ambiri a gitala amaiwerengera nyimboyi pakati pa zopambana zomwe adajambula.

Gululo silidathe ngakhale mwezi umodzi kuchokera pamenepo. Pa 28 January 1970, pa msonkhano wa nyimbo wotsutsa nkhondo ku Madison Square Garden, Hendrix adaoneka wosapeza bwino, ndipo atangoimba nyimbo ziwiri adachoka pabwalo. Manijala wake Michael Jeffery, yemwe ankafuna kuti gulu la Experience libwerere, adachotsa Miles. Mitchell adabwerera pang'oma, koma Cox adatsalabe.

Chimbale cha Band of Gypsys chidatuluka mu March 1970 ndipo chidafika pa nambala 5 ku America. Mwini wake sadakhutire nacho kwenikweni, chifukwa adali munthu wokonda kubwereza nyimbo kambirimbiri mu situdiyo, ndipo ichi adachipereka mokakamizidwa. Komabe njira yomwe adaitsegula sadaisiye. Nyimbo zomwe ankajambula m'miyezi yotsatira mu situdiyo yake yatsopano ya Electric Lady ku New York zidali zodzala ndi funk ndi soul.

Sadakhale ndi moyo kuti azimalize. Atatopa ndi maulendo oimba m'maiko a ku Ulaya, adamwalira ku London pa 18 September 1970 ali ndi zaka 27, atatsamwa ndi masanzi ali m'tulo tobwera ndi mapiritsi ogonetsa. Adaikidwa m'manda pa 1 October ku Renton, pafupi ndi Seattle, kumanda komwe kudagona mayi ake. Sadasiye wilo, ndipo bambo ake adachita kumenya nkhondo m'mabwalo a milandu kuti umwini wa nyimbo zake ubwerere kubanja, zomwe zidatheka mu 1995.

Mbewu yomwe idafesedwa ku Fillmore East idamera m'minda ya ena. Ernie Isley, yemwe adali kamnyamata pomwe Hendrix ankagona m'nyumba ya banja lawo, adalowetsa gitala yotere m'nyimbo za Isley Brothers m'zaka za m'ma 1970. Eddie Hazel wa gulu la Funkadelic adatsata njira yomweyo, ndipo pambuyo pake Prince ndi Lenny Kravitz adamangapo nyumba zawo. Ku Zambia, achinyamata a m'zaka zomwezo adasakaniza gitala ya Hendrix, funk ya James Brown ndi nyimbo za kwawo, napanga chamba cha Zamrock. Mmodzi mwa akatswiri ake, Paul Ngozi, yemwe ankaimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, naye ankadziwika ndi kuliza gitala ndi mano.

Masiku ano woimba wa rock akatulutsa chimbale chotengera funk, soul ndi rhythm and blues zakale, amayenda m'kanjira komwe anthu atatu aja adalambula m'masiku awiri. Chalpin adalandira chimbale chomwe pepala lake lidamulonjeza. Hendrix, yemwe adachita kuwoloka nyanja kuti adziwike, adapeza m'ngongole yomweyo mpata woimbanso nyimbo za kwawo, ali pambali pa mnzake yemwe adayamba naye onse awiri ali asilikali osadziwika ku Kentucky.