JEAN TULASNE, MTSOGOLERI WA GULU LA NORMANDIE

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, imene akuruakuru amaichula kuti nkhondo ya Hitler, padali kagulu ka anyamata a ku France, oyendetsa ndege, amene adakamenya nkhondo kutali ndi kwao, m'dziko lozizira la Russia. Gululo lidachedwa Normandie. Munthu amene adaliphunzitsa, nalowa nalo pa nkhondo poyamba, nafa mbiri ya gululo isanamveke, ndiye Jean Tulasne.

Iyeyu adabadwa pa 27 Novembala 1912 mu mzinda wa Nancy, kum'mawa kwa France. Atate ace, a François Tulasne, adali msilikari woyendetsa ndege kuyambira masiku aja ndege zikali zacilendo, zopangidwa ndi mitengo ndi nsaru. M'caka ca 1929 atatewo adafa pamene ndege yao idaombana ndi inzace m'mlengalenga, Jean asanakwane zaka 17. Zitacitika zotere, mwana wina akadafuna nchito ya pansi. Koma uyu sadabwerere m'mbuyo. Adaphunzira pa sukulu ya ana a asilikari ku La Flèche, m'caka ca 1931 nalowa ku Saint-Cyr, ndiyo sukulu yaikuru ya atsogoleri a asilikari, ndipo atatha kumeneko adasankha za ndege. Sipadapite zaka zambiri anzace adayamba kumdziwa ngati katswiri wogudubuza ndege m'mwamba, kuizondotsa ndi kuitembenuza monga acitira namzeze.

Nkhondo itabuka, adamtumiza ku Lebanon, dziko limene nthawi imeneyo lidali m'manja mwa Afalansa, kuti akayang'anire kagulu ka ndege pa bwalo la Rayak. Ndege zace zidali zija zazing'ono zokwera munthu mmodzi, zimene nchito yace ndi kuthamangitsa ndi kugwetsa ndege za adani. Ali komweko adamva kuti France yagonja. Pa 22 Juni 1940 boma la Marshal Pétain lidapangana ndi Ajeremani za kuleka nkhondo, ndipo asilikari onse a m'maiko olamulidwa ndi France adauzidwa kuti akhale cete. Koma masiku anai m'mbuyomo kazembe wina, Charles de Gaulle, adali atalankhula pa wailesi ku London kuitana Afalansa onse ofuna kupitiriza nkhondo kuti amtsate.

Apa mpamene mtima wa Tulasne udagawikana. Msilikari aphunzitsidwa kumvera kuyambira tsiku loyamba, ndipo Pétain sadali munthu wamba. Adali ngwazi ya nkhondo yoyamba, wolemekezeka pamaso pa dziko lonse. Wocoka pa malo ace adali kuyesedwa wothawa nkhondo, mlandu wa imfa. De Gaulle mwini adamgamula kuti aphedwe iye kulibe. Ndipo padalinso cina: wothawayo adali kusiya abale ace m'manja mwa boma limene walikana. Tulasne adakhala miyezi isanu akusinkhasinkha, akuru akuyang'anitsitsa oyendetsa ndege onse, pakuti ena adali atathawa kale.

Tsono pa 5 Disembala 1940 adanyamuka ngati wokayesa ndege monga mwa masiku onse. Atafika pamwamba pa nyanja adacita ngati injini yafa, nagwetsa ndege yace mozungulirazungulira, monga igwera ndege imene mwini wace walephera kuigwira, mpaka idabisika. Pafupi ndi madzi adaiongola, nalunjika kumwera, nakatera ku Lydda m'dziko la Palestine, kumene kudali Angerezi. Ku Rayak adalemba kuti wamira m'nyanja. Luso lija limene ena akadaliyesa masewera a anyamata ndilo lidamtsegulira njira; ndipo posankha kuyesedwa wakufa adachinjiriza otsala m'mbuyo, cifukwa womira m'nyanja saimbidwa mlandu.

Adayamba wauluka pamodzi ndi Angerezi ku Egypt, ndipo m'caka ca 1941 adapatsidwa gulu la Afalansa lochedwa Alsace, limene pambuyo pace lidamenya nkhondo m'cipululu ca Libya ndi ndege zakutha za Hurricane. Magulu a de Gaulle adali kuchedwa maina a zigawo za France, kuti anyamatawo asaiwale kwao.

M'caka ca 1942 de Gaulle adafuna kuti mbendera ya France ioneke paliponse pomenyedwa nkhondo, ngakhale ku Russia, kumene Ajeremani adalowa m'caka ca 1941 ndi kumene kudali kufa anthu ambiri koposa kwina konse. Asilikari ambiri oti atumize adalibe. Adatumiza gulu limodzi la ndege. Gulu la Normandie lidakhazikitsidwa pa 1 Seputembala 1942 pa bwalo lomwe lija la Rayak, limene tsopano lidali m'manja mwa a de Gaulle. Mkuru wace woyamba adali Joseph Pouliquen, ndipo Tulasne adali wotsogolera pouluka. Onse adali odzipereka okha. Pa 12 Novembala adanyamuka anthu ngati 60, oyendetsa ndege 14 ndi amakaniko ao, nayenda pa ndege, pa sitima ya pamtunda ndi pa malole, kudzera ku Baghdad, Basra ndi Tehran, mpaka kumapeto a mwezi womwewo adafika ku Ivanovo, kumpoto cakum'mawa kwa Moscow. Masiku omwewo nkhondo yoopsa ya ku Stalingrad idali pakati.

Anthu ocokera ku dzuwa la m'cipululu adapeza dziko lonse lili mbuu ndi cipale. Kuzizira kwace nkwakuti makaniko akagwira citsulo ndi dzanja lamanja-manja khungu lidali kukanirira pomwepo, ndipo injini sidali kulira asanaiothetse moto. Bwalo, msewu, mtsinje ndi munda, zonse zidali kuoneka cimodzimodzi kwa munthu ali m'mwamba, kotero kuti kusokera kudali koopsa ngati mdani. Cakudya cidali phala lochedwa kasha, lero ndi mawa lomwe. Cinenero sadali kumvana ndi eni dziko koma kupyolera mwa otanthauzira ocepa. Makalata ocokera kwao kudalibe.

Eni dziko adawalola kusankha ndege, kapena za ku England, kapena za ku America, kapena za ku Russia komweko. Tulasne adaiyesa Yak-1, ndege ya mapiko a matabwa, yopepuka, yokhala ndi mfuti yaikuru yotulukira pa mphuno peni peni, naikonda. Kusankhaku kudali kwanzeru pawiri. Ndegeyo idapangidwira kuzizira ndi mabwalo a matope a dzikolo, ndipo zitsulo zace zidali pafupi. Komanso mlendo amene adya cimene adya mwini nyumba sacedwa kuyesedwa mbale. Pa mphuno za ndegezo adapakapo mitundu itatu ya mbendera ya France.

Pa 22 Febuluwale 1943 Tulasne adalandira ulamuliro wa gulu lonse, ndipo patapita mwezi umodzi adapita nalo kumene kudali nkhondo, pa bwalo la Polotnyany Zavod, kumwera cakumadzulo kwa Moscow. Pa 5 Epulo anyamata awiri, Albert Preziosi ndi Albert Durand, adagwetsa ndege yoyamba ya Ajeremani. Cimwemwe cace cidakhala masiku asanu ndi atatu okha, pakuti pa 13 Epulo atatu sadabwerere: Derville, Poznanski ndi Bizien. Pa gulu la anthu ocepa cotere, atatu ndi ambiri. Mwezi wotsatira mkuru wa asilikari a Germany, Wilhelm Keitel, adalamula kuti woyendetsa ndege wa Normandie akagwidwa aomberedwe, osasungidwa monga asungira akaidi a nkhondo.

Padalinso vuto lina limene siliyenera kubisika. Afalansawo adali akatswiri, koma adazolowera kumenya yense payekha, kuthamangira mdani kuti mbiri ikhale yace. Pamene a ku Russia adali kuuluka mogwirizana, wina kuchinjiriza mnzace, ndipo nchito yao yaikuru idali kuperekeza ndege zoponya mabomba. Kazembe Georgy Zakharov, amene gululo lidaikidwa m'manja mwace, adawadzudzula pa cimeneci, ndipo adanena zoona. Gululo lidaphunzira, koma lidaphunzira ndi maliro. Tulasne mwini adali wa mtima womwewo wosadikira. Adali kugona m'kanyumba kokumba pansi pafupi ndi ndege yace, nauluka kawirikawiri kuposa m'mene ayenera kucitira mkuru wa gulu. Anyamata ace adamkonda cifukwa sadawatume kumene iye sadapite. Koma mtsogoleri wotere sakhalitsa.

M'mwezi wa Juni kudafika ena odzathandiza, pakati pao Pierre Pouyade, amenenso adathawa pa ndege kucokera ku Indochina kunka ku China. Gulu lidasamukira ku Khationki, nililandira ndege zatsopano za Yak-9. Pa 5 Julayi idayamba nkhondo yaikuru ya ku Kursk, ndipo pa 12 Julayi a ku Russia adayamba kukankhira Ajeremani ku mzinda wa Orel. A Normandie adali kunyamuka kangapo pa tsiku, kutera, kuthira mafuta ndi kunyamukanso. Pa 14 Julayi, tsiku la cikondwerero ca dziko la France, adataya Jean de Tedesco. Pa 16 adataya atatu, Albert Littolff, amene adali waciwiri wa Tulasne, pamodzi ndi Castelain ndi Bernavon. Madzulo a pa 17 Julayi 1943 Tulasne adatsogolera kagulu kace poperekeza ndege zoponya mabomba, ndipo zidawagwera ndege za Focke-Wulf zocuruka kuposa iwo. Anzace adamuona kotsiriza akukwera m'mwamba kukakomana nazo. Iye ndi Firmin Vermeil sadabwerere. Kaciwiri adalembedwa m'buku kuti wasowa, ali ndi zaka 30, ndipo ulendo uno kudalibe bwalo lina lokateramo. Orel adalandidwa pa 5 Ogasiti.

Pouyade ndiye adatenga malo ace. Amakaniko Acifalansa, otopa ndi ocepa, adabwezedwa, nalowa m'malo mwao a ku Russia, ndipo ubale wa woyendetsa ndege ndi makaniko wace udakula kodabwitsa. Pa 15 Julayi 1944 Maurice de Seynes adanyamula makaniko wace, Vladimir Belozub, kumbuyo kwa mpando posamukira ku bwalo lina. Mafuta adayamba kucuca, mpweya wace numcititsa khungu. Adamlamula kuti adumphe, koma iye adakana cifukwa mnzaceyo adalibe ambulera yotsikira. Adayesa kutera, nafa onse awiri. Mwezi womwewo gululo lidathandiza pa kuoloka mtsinje wa Niemen, ndipo Stalin adalamula kuti dzina la mtsinjewo lionjezedwe pa dzina lao. Ncifukwa cace mabuku amati Normandie-Niemen, dzina limene Tulasne sadalimve.

Pofika kumapeto a nkhondo gululo lidali litagwetsa ndege za adani 273. Mwa oyendetsa ndege osakwana 100 amene adatumikiramo, 42 adafa. Anai adapatsidwa ulemu waukuru koposa wa dziko la Soviet Union: Marcel Albert, Roland de la Poype, Jacques André ndi Marcel Lefèvre, onsewo kupatula André adali a m'gulu lija la 14. Otsala adaloledwa kupita kwao ndi ndege zao za Yak-3 ngati mphatso, ndipo pa 20 Juni 1945 adatera pa bwalo la Le Bourget ku Paris, khamu la anthu likuwacingamira.

Tulasne adali atalembedwa kale m'gulu la Compagnons de la Libération, ndiwo anthu amene de Gaulle adawalemekeza cifukwa ca kuombola France; ici cidacitika pa 11 Okutobala 1943, tsiku limodzi ndi gulu lace. Bwalo la ndege za nkhondo la ku Tours lidachedwa dzina la atate ndi mwana, François ndi Jean Tulasne. Patapita zaka ngati 20 cifere iye, mafupa a woyendetsa ndege Wacifalansa adapezeka m'dera la Orel, naikidwa ku manda a Vvedenskoye mu mzinda wa Moscow, pansi pa mwala wopanda dzina la munthu. Ambiri amakhulupirira kuti ndi ace.