Gauss ndi Kabuku Kake ka Masamu

Carl Friedrich Gauss adabadwa m'chaka cha 1777 mumzinda wa Braunschweig, ku Germany. Makolo ake adali osauka, koma mwanayo adali wakuthwa mutu pa masamu.

Pa 30 Malichi 1796, ali ndi zaka 18, adayamba kulemba m'kabuku zinthu zatsopano zimene ankatulukira, chilichonse ndi tsiku lake. Sankachulutsa mawu ayi, kaŵirikaŵiri mzere umodzi kapena iŵiri basi. Pofika 1814 adali atalembamo zinthu 146. Zina mwa izo sadazilengeze, kotero kuti akatswiri ena adakhetsa thukuta kufunafuna zimene zidali kale m'kabukumo.

Gauss adamwalira mu 1855 ku Göttingen. Kabukuko kadasindikizidwa mu 1903, ndipo mizere ina idaŵazunguza mutu akatswiri chifukwa cha kufupika kwake.