Kadalie anali mlendo ngati ifeyo

Anzanga osamalira okalamba kuno ku Britain amaopa kulowa yuniyoni, ati viza ingavute. Ineyo, namwino mnzawo, ndimawauza za Clements Kadalie.

Anabadwira ku Chifira, m'boma la Nkhata Bay, mu 1896, n'kuphunzira ku Livingstonia. Ku Cape Town, mu 1919, anayambitsa bungwe la ICU ndi anthu 24 okha, ndipo chaka chomwecho apadoko ananyanyala ntchito. Mu 1920 boma linalamula kuti athamangitsidwe m'dzikomo, koma lamulolo linafafanizidwa, iye n'kupitiriza. Pofika 1927 mamembala anali pafupifupi 100,000, ambiri a m'mafamu. Zandalama sizinkayenda bwino, izi sindibisa, ndipo bungwelo linagawanika. Anamwalirira ku East London mu 1951.

Mafomu a yuniyoni ndimayenda nawo m'chikwama, ngakhale pa shifiti yausiku.