Chitseko cha Tippu Tip

Titafika ku Stone Town, padoko la Zanzibar, anzanga anathamangira kutchalitchi cha Anglican chimene chinamangidwa pamalo a msika wa akapolo womwe unatsekedwa mu 1873. Ine ndinalowera ku Shangani kukafunafuna nyumba ya Hamad bin Muhammad, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Tippu Tip. Akuti dzinali linachokera ku kulira kwa mfuti zake.

Mkuluyu ankatsogolera maulendo a malonda mpaka kum'mawa kwa Congo, n'kubwerako ndi minyanga ya njovu komanso anthu ogwidwa ukapolo. Chodabwitsa n'chakuti mu 1867 anathandiza David Livingstone, munthu amene ankadana ndi ukapolo, ndipo kenaka anaperekezanso Henry Morton Stanley. Mu 1887 Mfumu Leopold II ya ku Belgium inamuika kukhala bwanamkubwa wa dera la Stanley Falls. Atabwerera kwawo anakhala mpondamatiki, minda yake ikulimidwa ndi akapolo, mpaka anamwalira mu 1905.

Monga wophunzira ziyankhulo, pali chimene chimandisowetsa mtendere. Tippu Tip analemba mbiri ya moyo wake m'Chiswahili, ndi zilembo za Chiarabu, ndipo akatswiri amaiwerengabe. Iye timamumva akudzifotokozera yekha, koma unyinji wa amene anawagwira sitidziwa ngakhale mayina awo.

Nyumbayo ndinaipeza. Makoma anali otopa, koma chitseko chake chosemedwa mwaluso chinali chokongolabe. Ndinatulutsa kamera, ndinazengereza kwa kanthawi, kenaka ndinachijambula.